Dziwe Limene Ndinalithira Feteleza

Bambo anga sanandisiyire munda kapena nyumba ya malata. Anandisiyira pakamwa. Iwo anali mlonda pa fakitale ina ku Makata zaka zambiri, koma ntchito imene ankaigwira ndi mtima wonse inali kunenerera. Ankanenerera tomato, ankanenerera makala, ankanenerera ngakhale kwa ometa, ati mutu wawo uli ndi dazi ndiye ntchito ndi yochepa. Mumsika ankandinong'oneza kuti, "Mtengo woyamba ndi moni chabe. Moni suyankha ndi ndalama." Akatero ankatembenuka ngati akuchoka, pang'onopang'ono, khutu limodzi atalisiya kumbuyo, kudikira kuti wogulitsa awaitane. Ndipo ankawaitanadi.

Ndi pakamwa pomwepo ndinadzakhala wogulitsa sopo wa ufa pa kamsika kathu ku Chilomoni. Ndinkakapikula matumba akuluakulu ku Limbe, ena olembedwa, ena opanda ndi chilembo chimodzi chomwe, n'kumalongeza m'timapepala tapulasitiki toti munthu achapire tsiku limodzi. Ogulitsa sopo tinalipo angapo mumzere umodzi, ufa wake womwewo, fungo lake lomwelo. Chimene chinandisiyanitsa ndi anzanga chinali beseni.

Anthu akwathu sakhulupirira sopo wosachita thovu. Ndiye ine ndinaika beseni lofiira pambali pa benchi, lodzaza madzi. Kasitomala akangoima, ndinkatapa ufa dzanja lonse, kuwaza m'madzimo, n'kuyamba kupalasa ndi mkono mpaka m'chigongono. Thovu linkadzuka ngati mtambo umene umagona pa phiri la Michiru m'mawa wa June. Linkasefukira, ndipo kamphepo kakabwera linkathothoka m'timagulu n'kumauluka pamwamba pa msika, kudutsa pa tomato ndi anyezi, kukatera pamutu pa mayi wogulitsa bonya amene ankanditukwana mokoma tsiku ndi tsiku. Dzuwa likalowa m'thovumo munkaoneka mitundu yonse. Nthawi zina ndinkaiwala kuti ndili pa malonda, n'kumangoliperekeza ndi maso, kasitomala ali chiimire.

"Mayi, mwaona? Uyu si sopo, ndi mtambo wa m'paketi. Mukamachapa musaumire, tapani dzanja lonse. Thovu likachepa litsiro limaseka."

Madzi a m'beseni akatha mphamvu ndinkawakhuthulira m'ngalande ya kuseri kwa benchi, kanayi kasanu pa tsiku. Ngalandeyo inkatsika kuseri kwa msika, kulandira madzi ochapira a nyumba za m'mbali mwake, mpaka kukathira m'kamtsinje kochokera kuphiri. Kumene inkathera sindinkakuganizira. Munthu akamataya madzi amayang'ana nsapato zake, osati kumene madziwo akupita.

Chimene ndinaona n'chakuti m'mwezi wa September, dziko lonse litauma gwa, m'mbali mwa ngalande yanga munali mobiriwira ngati mvula imagwa pamenepo pokha. Bonongwe anamera yekha, ndipo dzungu lina losadzalidwa ndi munthu linatambasula masamba aakulu ngati maambulera. Wina akanadabwa n'kufunsa kuti zikutheka bwanji. Ine ndinaonapo malonda. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawatengera makasitomala kuseri kwa benchi n'kuwalozera.

"Sopo wanga ndi wapawiri, bwana. Amachapa, amalimanso. Mukagula paketi, ndiwo ndi basela."

Ankaseka n'kugula. Ine ndinkadziona wochenjera kuposa aliyense pakati pa Chilomoni ndi Ndirande.

Tsopano ndinene za dziwe. Kumunsi kwa malo amene ngalande ija imakumana ndi kamtsinje kuli thanthwe lalikulu, ndipo pansi pa thanthwelo madzi amaima n'kupanga dziwe lofika m'chiuno. Mpingo umene amayi anga ankapemphera, wa mikanjo yoyera, unkabatizira pamenepo kuyambira kale. Amayi anabatizidwira momwemo ine ndisanabadwe. Atamwalira ndinafuna kuwachitira kanthu kosatha msanga ngati nkhata za maluwa, ndiye ndinalonjeza amayi a mumpingo kuti mwezi uliwonse ndiziwapatsa ndowa ya sopo wa ufa, ulere, kuti mikanjo iziwala. Ndi chinthu chokhacho m'moyo wanga chimene ndinapereka osanenerera. Loweruka lililonse ankasonkhana pathanthwe paja kuchapa mikanjo ya mpingo wonse akuimba, ndipo poti sopoyo anali waulere, ankatapa monga ndinawaphunzitsira, dzanja lonse. Madzi ake ankatsetsereka pathanthwe kugwera m'dziwe. Ine kutchalitchi ndinkangopita pamaliro ndi paukwati, ndipo kudziweko ndinali nditatha zaka osafikako. Ndinkangomva nyimbo zawo mphepo ikachokera kumunsi, n'kumadzimva ngati nanenso ndayera.

Bambo ndiye anali asanabatizidwe. Ananenerera ndi mpingowo zaka zoposa makumi atatu, abusa atatu otsatizana, onse anawalephera. Wina anawauza kuti asiye fodya wa mphuno. Iwo anati azisiya Lamlungu lokha. Wina anati azibwera mlungu uliwonse. Iwo anati kawiri pamwezi, mvula ikapanda kugwa. Sankakana Mulungu ayi. Ankangoti sanagwirizanebe.

Chaka chimene ndikunenachi miyendo yawo inayamba kutupa, mpweya n'kumawathera akangoyenda kuchoka pakhomo kufika pamsewu. Kuchipatala anati mtima watopa. Ndinawatenga kuti azikhala kwathu. Ankakhala pakhonde atavala jasi lawo laulonda ngakhale kukutentha, n'kumayang'ana kuphiri. Tsiku lina masana, ndikuwapaka mafuta m'miyendo, anayamba kulankhula ngati akuuza khoma.

"Tsiku limene amayi ako ankabatizidwa ine ndinachokera kuntchito, osagona. Ndinaima pathanthwe ndi jasi lomweli. Madzi anali mbee. Iwo ataima pakati, ndinkaona mapazi awo pansi, zala zonse khumi, zitaponda miyala. Yoyera, yofiira, ina yamawangamawanga ngati nthenga za nkhanga. Nkhanu inadutsa pafupi ndi chidendene chawo, iwo osadziwa. Mkanjo unayandama mowazungulira. Ndinati mumtima, mkazi uyu waima pagalasi."

Kenako anandiyang'ana.

"Ukawauze abusa. Ndavomera. Koma m'dziwe lomwe lija, ndipo ndiyambe ndaona miyala pansi. Ndikapanda kuiona, sindilowa."

Ndinathamanga ngati minibasi yaona wapolisi. Abusa a nthawi imeneyo anali bambo wofatsa amene mkati mwa mlungu ankagwira ukalipentala. Anamva uthengawo n'kusiya kupala thabwa, koma sanasangalale monga ndinkayembekezera. Anangoti, "Achimwene, munapitako liti kudziweko?"

Ndinapita tsiku lomwelo. Munali mu October, dzuwa lili pamutu. Ndinapeza dziwe litafunda bulangete. Ndere zobiriwira, zokhuthala, kuchokera tsidya lino kufika tsidya ilo, mwina zitatupa ndi mpweya wonunkha ngati dzira lovunda. Ndinaponya mwala. Unabowola kabowo, kabowoko n'kutsekeka pang'onopang'ono ngati diso la munthu wa tulo. Panalibe nkhanu, panalibe mbululu, ngakhale tombolombo sanabwere kudzamwa. Jumbo yabuluu inagona pamwamba osamira. Ndipo ndisaname, kukongola kunalipo. Kubiriwira kwake kunali komwe kuja kwa kuseri kwa benchi yanga, kowala, kwathanzi. Ndinakuzindikira monga umazindikirira mwana wako pagulu, koma mutu unakana kumva zimene maso ankanena.

Abusa anadzandiuza pambuyo pake kuti kwa zaka zingapo ankabatiza nthawi ya mvula yokha, madzi ali ofiira ndi matope, munthu n'kutuluka ndi ndere kuseri kwa khutu. Palibe ankafunsa za miyala. Bambo anga okha.

Kumunsi pang'ono kwa dziwelo kuli dimba la mayi wina amene anali mlangizi wa zaulimi asanapume pantchito. Ankagula kwa ine mwa apo ndi apo, sopo wamtanda yekha, amene ndinkasunga wochepa pambali, ndipo anali mmodzi mwa anthu ochepa amene sankaseka nthabwala zanga. Anandipeza nditakhala pathanthwe.

"Bambo a thovu, mwabwera kudzayendera munda wanu?"

"Munda wanga uti, mayi?"

"Uwu. Si inu mumalengeza pamsika kuti sopo wanu amalima? Simunaname. Walima."

Ndinaseka, iwo sanaseke. Anakhala pansi, kuvula chipewa, n'kundifunsa ngati ndikukumbukira feteleza wokulitsa, uja tonse tinkamutchula ndi manambala a pathumba, twente-filii twente-wani. Ndinati ndani sakumudziwa.

"Nambala yachiwiriyo ndi chakudya cha mbewu chotchedwa fosifeti. Ndiye mu sopo wina wa ufa amaikamo chomwecho, kuti madzi afewe, litsiro lichoke msanga. Pamalaya chimagwira ntchito yake n'kutuluka ndi madzi. Chikafika m'dziwe ndere zimadya, zimanenepa, zimatseka dzuwa. Zikafa zimaolera pansi n'kumaliza mpweya umene nkhanu ndi tinsomba timapuma. Inu mwakhala mukuthira feteleza m'dziwe, bambo. Loweruka lililonse, ndi nyimbo."

Mwana wa bambo anga savomera mtengo woyamba. Ndinati nanga zimbudzi za m'mbali mwa mtsinje? Nanga zinyalala? Nanga anzanga ogulitsa sopo, nanga nyumba zonsezi?

"Zonsezo n'zoona," anatero. "Koma ine ndikunena za gawo lanu. Ngalande yanu ndi thanthwe ili zili pakamwa penipeni pa dziwe."

"Nanga titachepetsa theka?"

"Mukunenerera ndi ine? Ine si mwini ndere."

Ndinawauza za bambo, za miyendo yawo ndi za miyala. Pamenepo nkhope yawo inafewa. Anati dziwe silingayere ngati kale, makamaka m'chaka chimodzi, pakuti chakudya china chinagona kale m'matope a pansi. Koma likasiya kudyetsedwa pakamwa, ndere zikakokedwa, mvula ikatsuka kawiri katatu, mwina pakhoza kupezeka masiku ochepa oti munthu aone pansi. Mwina. Ndinafunsa kuti liti. Anayang'ana kumwamba kopanda ndi mtambo umodzi womwe n'kuti, "Kafunseni bambo anu kuti angadikire mpaka liti."

Nditafika kunyumba bambo anandifunsa, "Wakaona?"

"Ndakaona. Madzi alipo ambiri."

"Miyala?"

"Iliponso. Yonse. Palibe wabapo ndi umodzi womwe."

"Unaiona?"

"Ili pansi, bambo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ukulankhula ngati munthu wogulitsa nsapato zosiyana saizi," anatero. "Ine mawu anga ndi omwe aja."

M'mawa mwake beseni lofiira silinapite kumsika. Ndinakwera minibasi ya ku Limbe ndi magalasi a bambo m'thumba, n'kukayamba kuwerenga timalemba ta kumbuyo kwa matumba, ine amene zaka zonsezi ndinkangonunkhiza ndi kufinya. Mwini shopu anandifunsa ngati ndayamba sukulu ya kwacha. Matumba ena analembedwa kuti mulibe fosifeti, ena analembedwa kuti alimo. Osalembedwa aja sankanena kanthu, ndipo ndinawasiya ngakhale anali otchipa. Ndinatenga opanda fosifetiwo ndi makatoni a sopo wamtanda.

Kumsika ndinayamba ntchito yovuta kuposa zonse, yotolera mawu amene ndinawamwaza ndekha. Ndinasonkhanitsa zivindikiro za mabotolo n'kumapereka chimodzi pa paketi iliyonse, basela watsopano.

"Mayi, muziyeza ndi ichi. Thovu si ukhondo."

"Aaa, si inu munkati thovu likachepa litsiro limaseka?"

"Linali litsiro lakale lija, mayi. Lamakonoli lilibe mano."

Ena anagula. Ambiri anapita kwa mnzanga wa benchi yoyandikana, amene pasanathe mlungu anagula beseni lake, lachikasu, n'kuyamba kupalasa ndi mawu anga omwe, osasintha ndi limodzi lomwe. Ndinkaona mitambo yake ikuuluka pamwamba pa msika, yokongola ngati yanga. Chimene ndinapambana kwa iye n'chakuti azikhuthulira madzi m'dzenje osati m'ngalande. Anavomera msanga poti wokumba dzenjelo sanali iye.

Koma malonda aakulu anali kwa amayi a mumpingo. Mayi mlangizi anandionetsa malo pamtunda, kutali ndi madzi, pomwe ndinakumba dzenje lina, kuikamo miyala, makala ndi mchenga, n'kudzala ana a nthochi mozungulira, kuti madzi ochapira azimwedwa ndi nthochi osati ndere. Chotsala chinali kuwasamutsa amayiwo pathanthwe pamene anachapira kuyambira ali atsikana. Mtsogoleri wawo, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene anali mnzawo wapamtima wa amayi anga, anandimvetsera manja ali m'chiuno.

"Mwana iwe, sopo unatipatsa wekha. Lero ukuti sopo wako ndi tchimo?"

"Si tchimo, amayi. Ndi feteleza."

"Ndiye tizikachapira kumtunda uko. Madzi azikwera okha?"

"Ndi pafupi, amayi."

"Pafupi pakamwa pakopo. Misana yathuyi unagula ndiwe?"

Ndinayesa njira zonse za bambo. Ndinatchula amayi anga, ndinatchula Yorodano, ndinatembenuka ngati ndikuchoka, khutu ndasiya kumbuyo. Palibe anandiitana. Ndinabwerera ndekha, zimene bambo ankati ndi maliro a wonenerera. Pomaliza mayiyo anati avomera chifukwa cha madala aja, amene mpingo wakhala ukuwadikira zaka makumi atatu, koma madzi onse ochapira ndizitunga ine.

Ndiye Loweruka lililonse anthu odutsa ankaona bambo wa ndevu zake, wodziwika msika wonse, akukwera mtunda ndi ndowa pamutu, madzi akutsikira m'khosi.

"Yendani bwino, mtsikana, mungataye!"

"Nkhata mwapota mokhota, asisi. Ndani anakulangani?"

"Ameneyu tim'funire mwamuna, ndi wolimbikira."

Ndinaphunzira kupota nkhata. Ndinaphunzira kuti ndowa yachisanu imalemera kuposa zinayi zoyamba pamodzi. Mikanjo ankaichapa ndi sopo wamtanda n'kuiyanika paudzu, ndipo inkayera ndithu, ngakhale mtsogoleri uja ankati layeretsa ndi dzuwa, osati ine. Ndikafika pamwamba ndinkaima kupuma, n'kumaona mikanjo yoyera itayala phiri lonse ngati gulu la akakowa, ndipo kumunsi kwake dziwe lili biriwiri, osagwedezeka.

Ndere tinakoka ndi neti yakale ya udzudzu, ine, abusa ndi amuna ena awiri, titalowa m'madzi mpaka m'chiuno. Zinkalemera ngati bulangete lonyowa. Tinaziunjika m'dimba la mayi mlangizi, amene anati kumeneko ndiye kwawo. Kwa masiku atatu dziwe linatsegula diso, lakuda, losaona kanthu. Pofika mlungu wachiwiri linali litabiriwiranso. Tinakokanso. Linabiriwiranso.

Uku bambo ankafooka. Nsapato zinasiya kulowa. Pakhonde ankatulukira pang'ono chabe, dzuwa likapepa. Ndinayesa kuwatsitsa mawu. Ndinati kuli mitsinje ina yoyera ku Mulanje, kumene makolo awo anafikira pochokera kutsidya la malire, tipeza galimoto. Anati amayi ako sanabatizidwire ku Mulanje. Ndinati ndibweretsa diramu yaikulu, ndidzaza madzi a pakiyosiki, ndiikamo miyala yotsukatsuka ya m'dziwe momwemo, muiona yonse.

"Ndine mbuzi ine, yoti ndiviikidwe m'diramu?"

Masiku amenewo makasitomala anali ochepa, ndipo kutentha kwa masana kunkandigonetsa pabenchi. Ndinkalota loto limodzimodzi. Msika wonse uli pansi pa madzi oyera mbee. Bonya akudzuka pathebulo la mayi uja n'kumasambira pakati pa mabenchi, tomato akuyandama, majumbo akuyenda pang'onopang'ono ngati mitambo. Amayi anga akubwera mumzere wathu, opanda nsapato, akuponda miyala yamawangamawanga, mkanjo ukuwatsatira. Akaima pa benchi yanga sankagula kanthu. Ankangoyang'ana beseni, ine n'kumayesa kulibisa ndi mwendo. Ndinkadzidzimuka ndi mawu a mnzanga uja akukuwa kuti thovu likachepa litsiro limaseka.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa November. Inakokolola zonse za m'makwalala, majumbo, mabotolo, nsapato za phazi limodzi, ndipo dziwe linasanduka phala lofiira. Inagwa yachiwiri, inagwa yachitatu, yamphamvu, madzi mpaka kukwera pathanthwe. Ndere zinapita. M'mawa uliwonse ndisanatsegule benchi ndinkatsikira kudziwe n'kugwada ngati munthu wopemphera, koma ndinkangoona matope ndi nkhope yanga. Kenako mu December mvula inapuma. Tsiku loyamba madzi anali ofiira. Lachiwiri anali ngati tiyi wamkaka. Lachinayi anali ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo nditayandikiza nkhope ndinaona mwala. Umodzi wokha, wofiira, uli phee pansi ngati wakhala ukundidikira.

Ndinathamangira kwa mayi mlangizi. Anabwera, anayang'ana, n'kuti, "Mawa. Mukachedwa ibwera mvula, ikapanda mvula zibwera ndere."

M'mawa mwake tinawanyamula bambo pampando, amuna anayi, jasi lili pathupi. Nkhungu inali ikutsika kuchokera ku Michiru. Amayi a mumpingo anaima m'mbali mwa dziwe ndi mikanjo yawo, akuimba chapansipansi, ndipo m'nkhungumo sunkadziwa pamene mkanjo wathera. Tinawatsitsa pathanthwe. Anawerama, manja pamawondo, n'kuyang'ana m'madzi nthawi yaitali.

"Ndikuona iwiri," anatero.

"Itatu, bambo. Uwo uko."

"Ilo ndi botolo."

Abusa anatsokomola. Linalidi botolo.

"Tsiku lija ndinaiona yonse," anatero bambo. "Madzi anali mbee. Awa ndi tiyi."

Anagwira mpando, kudzuka movutikira, n'kutembenuka. Anayamba kukwera mtunda okha. Phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Nyimbo inazima. Ndinaganiza za ndowa zonse, za neti ya udzudzu, za mitambo yanga imene ndinaulutsa zaka zonse zija osafunsa kumene imakagwa. Ndinadziwa kuti miyendo imeneyo siidzatsikanso mtunda umenewu kachiwiri.

Kenako ndinaona khutu. Mutu wawo unali utapendekeka pang'ono, khutu lakumanzere atalisiya kumbuyo. Ankayenda pang'onopang'ono kuposa mmene matenda ankafunira. Sankachoka ayi. Ankadikira kuitanidwa.

"Bwana!" ndinakuwa ndi mawu anga a pamsika. "Bwererani, bwana, tikambirane. Katundu ndi yemweyu, kwina simukam'peza."

Anaima osacheuka. "Ukuti bwanji?"

"Lowani mpaka m'mawondo. Mukaona zala zanu zitaponda miyala, nkhani yatha. Mukapanda kuziona ndikuberekani ndekha mpaka kunyumba, ndipo sindidzatchulanso."

"Zala zingati?"

"Khumi."

Anatembenuka, akupukusa mutu. "Ukanati zisanu ndikanavomera. Sudziwa malonda iwe."

Anavula jasi n'kundipatsa. Linali lolemera, lonunkha fodya ndi mvula zakale. Mtsogoleri wa amayi anawaveka mkanjo, umene madzi ake ndinatunga ine. Tinalowa atatu, ine mbali iyi, abusa mbali iyo, bambo pakati, opepuka ngati mtolo wa mapesi. Mapazi athu anavundula matope, ndipo madzi anada.

"Musagwedezeke," anatero mayi mlangizi ali pathanthwe.

Tinaima. Matope anayamba kukhazikika, utsi wofiira ukutsika pang'onopang'ono, ndipo mapazi a bambo anayamba kuoneka ngati akuchokera kutali. Akakolo otupa poyamba, kenako mitsempha, kenako zala. Pansi pake panali miyala. Wofiira, wina woyera, ndipo pafupi ndi chala chachikulu panali kamodzi kamawangamawanga. Milomo ya bambo inkayenda, akuwerenga. Timbululu titatu tinabwera, kuzungulira chidendene chawo, n'kupita.

"Si nkhanu zimenezo," anatero.

"Ndi basela, bambo. Basela sasankha."

Ankayang'anabe pansi, ndipo ndikukhulupirira kuti mapazi amene ankawaona sanali awo. Patapita nthawi anadzutsa mutu.

"Abusa, malizani. Madzi akuzizira."

Tinawasunthira pakati. Nyimbo inadzukanso, mokweza tsopano. Abusa anawagwira pachipumi ndi pamsana n'kuwamiza, ndipo mkanjo unayandama mowazungulira.

Bambo anamwalira nyengo yozizira yotsatira, pabedi lawo, atanenerera ndi namwino za nthawi yomwera mankhwala mpaka mlungu womaliza. Dziwe limabiriwirabe October aliyense, pakuti zimbudzi zilipobe ndipo nyumba zikuchulukirachulukira, koma bulangete lake ndi lopyapyala, ndipo tombolombo anabwerera. Nthochi za padzenje zinabereka. Amayi a mumpingo amagawana okhaokha, ine amandipatsa zing'onozing'ono za kunsonga. Beseni lofiira mkazi wanga amaviikamo nyemba. Thovu la mnzanga likamauluka pamwamba pa msika ndimaliperekezabe ndi maso, sindingabise.

Madzi ndimatungabe Loweruka lililonse. Pogwirizana ndi mtsogoleri uja, ine mwana wa bambo anga, ndinaiwala kufunsa tsiku lothera. Ndikatsika ndi ndowa yoyamba ndimayamba ndagwada pathanthwe n'kuyang'ana pansi. Miyezi ina ndimaona miyala iwiri, miyezi ina palibe. Botolo lija ndinalichotsa, kuopa kudzinamiza.